Kuyankha mayi amene afunsa za katuni ya Demon Slayer

Mayi, mwafunsa ngati katuni imene mwana wanu wa zaka 10 wakomedwa nayo pafoni, ija ya mnyamata wovala ndolo ndi kamtsikana koluma nsungwi, ndi yausatana, komanso ngati mumuletse. Ine ndidaionera ndithu, ndiye ndiloleni nditambasule, chifukwa aja akungoti "fufutani basi" sakukuthandizani.

Dzina lake ndi Demon Slayer, eni ake ku Japan amati Kimetsu no Yaiba. Idayamba ngati nthano yazithunzi, zomwe iwo amati manga. Adaijambula ndi Koyoharu Gotouge m'magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira 2016 mpaka 2020, ndipo idakwana mabuku 23. Kampani ya Ufotable ndiyo idaisandutsa katuni ya pa TV mu 2019, zigawo 26 poyambirira.

Mnyamata wandoloyo ndi Tanjiro, wootcha makala. Bambo ake adamwalira, ndiye iye ndi amene amasenza dengu la makala kutsika phiri kukagulitsa kuti kunyumba adye. Tsiku lina kudamudera, nagona kwa mkulu wina m'njira. Pofika kwawo m'mawa adapeza mayi ake ndi abale ake anayi ataphedwa. Wotsala ndi mlongo wake Nezuko yekha, nayenso atasanduka chilombo cholakalaka nyama ya munthu. Nsungwi ija ndi yomutseka pakamwa kuti asalume wina. Tanjiro adakanitsitsa kuti mlongo wake aphedwe, ndipo amamubereka m'bokosi kumsana, poti dzuwa lingamupsereze, uku akusakasaka njira yomubwezera umunthu. Mtima wa nkhani yonse ndi umenewo, mwana wamasiye wokana kutaya mlongo wake.

Tsono pa za ziwandazo. Mawu oti demon, kutanthauza chiwanda, adabwera ndi omasulira m'Chingerezi. M'Chijapani ndi oni, zilombo za m'nthano zawo zamakedzana, zofananirako ndi chilombo chomeza anthu chija agogo ankatiopseza nacho madzulo. M'katuniyi oni aliyense adali munthu kale, ndipo gwero lake ndi magazi a Muzan Kibutsuji, mdani wamkulu. Palibe pamene mwana akuuzidwa kuti azipembedze kapena kuziitana, zimasakidwa. Zimafa ndi dzuwa kapena zikadulidwa khosi ndi lupanga lapadera, ndipo zimathawa maluwa a wisteria. Chimene chidandigwira mtima ine n'chakuti Tanjiro akapha oni sanyada. Kangapo konse amamva chisoni, mwina kumugwira dzanja pamene akusanduka phulusa, pokumbuka kuti nayenso adali mwana wa munthu.

Koma musamve ngati ndikuti musiyeni aonere. Pamene pali nkhawa yanga ndi pa magazi. Mitu imaduka poyera, manja amathothoka, ndipo mitembo ya ana ili m'chigawo choyambirira chomwe. Ambirife timati chilichonse chojambula ndi cha ana, pomwe ku Japan amajambulira misinkhu yonse, ndipo iyi ndi ya achinyamata. Filimu yake ya Mugen Train ya mu 2020, imene idaphwanya mbiri ya ndalama m'nyumba zoonetsera mafilimu ku Japan, ku America adaipatsa chizindikiro cha R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 alowe ndi wamkulu. Kwawo ku Japan adati wosakwana zaka 12 aunikiridwe ndi makolo. Komanso gawo limene lidayamba kumapeto kwa 2021 limachitikira ku Yoshiwara, dera la mahule la ku Tokyo wakale. Zamanyazi zenizeni saonetsa, koma mafunso abwera, konzekani.

Akadakhala wanga, pa zaka 10 ndikadati adikire kaye mpaka afike 13 kapena 14. Kungolanda foni ayi, akaonera kwa anzake mobisa. Chigawo choyamba sichikwana n'komwe theka la ola. Khalani naye pansi muonere limodzi choyambacho, muone nkhope yake pamene Tanjiro akufika pakhomo, kenako mumufunse chifukwa chake Nezuko amayenda m'bokosi. Ndipo ngati masiku ano akumadzidzimuka kutulo kapena kukana kutuluka panja kukada, pamenepo musachite kufunsanso ife, muimitseni lero.