Funsani Adokotala: Flagyl ndi Cipro mwana akatsegula m'mimba

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wa zaka ziwiri wayamba kutsegula m'mimba dzana. Chimbudzi ndi chamadzi, magazi mulibe, ndipo phala akumwako pang'ono. Apongozi anga akuti ndigule Flagyl pagolosale ndizimuphwanyira theka la piritsi pasupuni, poti iwo ana awo onse anawalera choncho. Bambo a mwanayu nawonso akangomva m'mimba mukubwadamuka amameza Cipro mmodzi ndi Bactrim awiri, mawa lake ali bwinobwino. Nanga cholakwika n'chiyani ndikatero? Kuchipatala n'kutali, mzere wake wautali. Mayi wa ana awiri, Mitundu.

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa piritsilo lisanafike pasupuni. Flagyl ameneyo musampatse mwanayo. Ndikudziwa kuti kukana mawu a apongozi si chinthu chapafupi, ndipo iwo akutero chifukwa chokonda mdzukulu wawo. Muwawerengere yankho lino mwaulemu, muwauze kuti ndanena ndine.

Mwana wa msinkhu umenewo akatsegula m'mimba mwamadzi, nthawi zambiri choyambitsa chimakhala mavayirasi, monga rota, amene katemera wake anayamba kuperekedwa kusikelo muno m'Malawi mu 2012. Maantibayotiki, mankhwala monga Flagyl, Cipro ndi Bactrim, sakhudza vayirasi ngakhale pang'ono. Cipro ndi Bactrim amapha mabakiteriya. Flagyl, amene dzina lake la mankhwala ndi metronidazole, ntchito yake m'matumbo ndi kupha tizilombo tina monga amiba ndi jadiya, ndipo timeneti sitibwera kawirikawiri monga anthu amaganizira. Kutsegula kwa vayirasi kumasiya kokha pakapita masiku ochepa. Munthu akamwa piritsi tsiku lachiwiri n'kuchira tsiku lachitatu, ulemu umapita kwa piritsi pomwe ntchito wagwira ndi thupi. Za bambo akunyumbawo ndi zomwezi. Ndiponso Flagyl ndi wowawa, amachititsa nseru, ndipo mwana amene akumwako phala akhoza kuyamba kukana chilichonse, n'kumasanza. Pamenepo mwamulanda chinthu chomwe chikumusunga.

Chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muikepo mtima wonse. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Waterguard. Lita yathunthu, osati kapu, chifukwa akakhala okolera mchere kwambiri amavulaza. Akachita chimbudzi chamadzi, mpatseni theka la kapu mpaka kapu imodzi, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso modekha. Otsala mawa lake tayani, mupange ena. Pamodzi ndi ORS pafunika mapiritsi a zinki, mamiligalamu 20 tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale chimbudzi chitauma pa tsiku lachitatu. Khanda losakwana miyezi 6 limalandira theka lake. Zinki amafupikitsa matendawa ndipo amateteza mwana kwa miyezi ingapo yotsatira. Zonse ziwirizi alangizi a zaumoyo amakhala nazo ku kiliniki ya m'mudzi, ndiye mwina simufunikanso kukaima pamzere wautali uja. Phala, nthochi, msuzi ndi bere ngati akuyamwabe, zonse zipitirire.

Ilipo nthawi imene maantibayotiki amafunikadi, ndipo ikafika sindifuna muzengereze. Mukaona magazi m'chimbudzi, kumeneko ndi kamwazi, ndipo kawirikawiri kamabwera ndi bakiteriya wotchedwa shigella. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi thupi likatentha kwambiri, maso akalowa m'kati, akamasanza chilichonse, akalefuka moti sangamwe, kapena kutsegulako kukafika masabata awiri. Kwa khanda onaninso liwombo ngati lalowa. Chimbudzi chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, chotuluka chambiri motsatizana, ndi chizindikiro cha kolera. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera amatha kumaliza munthu wamkulu wamphamvu m'maola ochepa. Ngakhale pa kolera, chopulumutsa choyamba ndi ORS ndi diripu. Maantibayotiki monga doxycycline amangothandizira kwa odwala kwambiri. Munthu wotero mumwetseni ORS m'njira yonse yopita kuchipatala, musataye nthawi pagolosale.

Tsono tinene kuti a dokotala aona magazi ndipo alemba Cipro. Pa kamwazi amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndipo mlingo wa mwana amawerengera kulemera kwake pa sikelo. N'chifukwa chake "theka la piritsi" la apongozi limandidetsa nkhawa: theka la piritsi la munthu wamkulu kwa mwana wa makilogalamu 11 likhoza kuchuluka kapena kuchepa, ndipo pagolosale palibe amene angakuuzeni. Pali china chimene ambiri sauzidwa pazenera lolandirira mankhwala. Cipro amagwirana ndi zinki, mapiritsi owonjezera magazi, mkaka wa ng'ombe, yogati ndi mankhwala a chilungulira monga magnesium trisilicate, n'kulephera kulowa m'magazi. Choncho mwana amwe Cipro kaye, papite maola osachepera awiri, kenako zinki. Ngati patapita masiku awiri magazi akuonekabe kapena thupi likutenthabe, bwererani kuchipatala. Musawonjeze mlingo nokha. Mayi woyembekezera anene za pakatipo mankhwala asanalembedwe, pakuti Cipro ndi doxycycline sapatsidwa mwachisawawa kwa woyembekezera. Ndipo Imodium, woumitsa m'mimba uja, asapatsidwe kwa mwana wamng'ono kapena kwa aliyense amene akuchita magazi.

Bambowo ndikuwadandaula kwambiri kuposa mwanayo. Cipro mmodzi lero, mmodzi mwezi wamawa, sachiza kalikonse, koma amaphunzitsa mabakiteriya a m'matumbo mwawo kupirira mankhwalawo. Izi sizongoopseza. Ku Blantyre, kuyambira cha m'ma 2011, tayifodi anachuluka kwambiri, ndipo ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth anapeza kuti anali mtundu wosamva amoxicillin, chloramphenicol ndi Bactrim, mankhwala atatu otchipa amene kale ankamugonjetsa. Cipro ndi mmodzi mwa ochepa amene tatsala nawo, ndipo tikumuwononga pa m'mimba mobwadamuka chifukwa cha nyemba za dzulo. Funsaninso kuti Bactrim wawoyo akuchokera kuti. M'makomo ambiri amatengedwa m'botolo la wachibale amene ali pa ma ARV, yemwe amafunika kumwa tsiku lililonse kuti adziteteze ku chibayo ndi matenda ena. Kumutapira ndi kumuika pachiswe. Bactrim kwa anthu ena amatulutsanso zilonda zoopsa pakhungu ndi m'kamwa; zikayamba, munthu asiye kumwa athamangire kuchipatala.

FUNSO: Adokotala, atandiyeza chimbudzi anati ndili ndi amiba, anandipatsa Flagyl wa sabata imodzi. Ndamwa masiku anayi ndipo ndili bwino. Loweruka kuli ukwati wa mphwanga. Kodi ndingasiye mankhwalawa kuti ndikamweko pang'ono? Bambo wa ku Luchenza.

YANKHO: Bambo, musasiye ndipo musamwe. Amiba amasiya kuvutitsa asanathe m'matumbo, ndipo akatsalira amatha kukafika kuchiwindi n'kupanga chithupsa cha mafinya, matenda ogoneka munthu m'chipatala. Malizani masiku onse amene anakulemberani, katatu pa tsiku ngati ndi mmene analembera, mutadya kaye kuti nseru ichepe. Kukoma kwa chitsulo m'kamwa ndi mkodzo woderako zisakuopseni, zimatha mankhwala akatha. Koma mowa ndi Flagyl sizimvana: anthu ena amasanza kwambiri, nkhope kutentha, mutu kuwawa, mtima kugunda mothamanga. Izi zikukhudza Chibuku, kachasu, masese, vinyo, zonse. Mukameza piritsi lomaliza dikirani maola 48 musanalawe. Ku ukwatiko pitani mukavine ndi kufupa mphwanu, mumwe thobwa la tsiku lomwelo lomwe silinasase kapena Fanta. Musanadye sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira, osati m'beseni limodzi ndi anthu onse, pakuti amiba amayenda kudzera m'manja ndi m'madzi.