Musagule kaye mahedifoni ena, yambani mwatsitsa preamp

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake nyimbo zimasasa mawu mukakweza besi pa equalizer (timizere tochunira mawu a nyimbo) ya foni yanu komanso pa pulogalamu yoimbira nyimbo ya VLC ya pa laputopu, ndipo mukuganiza zogula mahedifoni ena. Ndalamazo zisungeni kaye, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala la kachunidwe.

Khutu la munthu limamva mawu kuyambira pa 20 Hz kufika pa 20,000 Hz (Hz ndi muyeso wa mawu: nambala yaing'ono ndi mawu a besi, yaikulu ndi mawu osongoka), ndipo timizere timene mumakoka tija tinagawana mtunda umenewu. Pa VLC tilipo 10. Takumanzere, ta 60 ndi 170 Hz, ndi kumene kuli kugunda kwa ng'oma yaikulu ndi gitala ya besi. Tapakati, kuyambira cha pa 300 kufika pa 3,000 Hz, ndi kwawo kwa mawu a woyimba. Takumanja ndi ta mawu osongoka ngati a zitsulo za pa ng'oma.

Tsono nkhani yagona apa. Nyimbo ya m'foni kapena pa kompyuta ili ndi malire amene singadutse, ndipo nyimbo zambiri za masiku ano zimachoka ku situdiyo zitafika kale pafupi ndi malirewo. Zili ngati chidebe chodzaza mpaka m'milomo: mukathiramo madzi ena, amangotayika. Mukakweza besi ndi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukweza kapena kutsitsa mawu), mwachulukitsa kawiri msinkhu wa funde la mawu pagawo limenelo, nsonga yake imadulidwa, ndipo kudulidwako ndi kumene mukumva ngati sipika yang'ambika. Ngakhale eni iPod, kachipangizo komverera nyimbo ka Apple, ankadandaula zomwezi akasankha Bass Booster.

Malangizo anga ndi akuti muzitsitsa m'malo mokweza. Bwezani timizere tonse pa Flat, pamene palibe kokwezedwa kapena kotsitsidwa, ikani nyimbo imene mumaidziwa bwino, mumvetsere. Ngati besi ikuchepa, tsitsani pang'ono mbali zina, makamaka cha pa 300 Hz pamene mawu amakonda kumveka ngati akuchokera m'bokosi, kenako muwonjezere voliyumu. Besi ituluka yokha, yoyera. Ngati mtima ukufunabe kukweza, musapitirire 3 kapena 4 dB, ndipo mutsitse preamp, kamzere kamene kamakweza kapena kutsitsa mawu onse pamodzi, ndi mlingo womwewo kuchokera pamene inali. Pa VLC dinani Ctrl+E, chongani Enable, preamp muipeza kumanzere kwenikweni. Anthu ambiri kamzere kameneka sakagwira n'komwe, pamene ndi kamene kamathetsa vuto lanuli.

Onaninso ngati simunayatse ma equalizer awiri nthawi imodzi, ina m'pulogalamu yoimbira nyimbo, ina m'masetingi a foni. Zimaphatikizana, ndiye besi imakwera kawiri inu osadziwa.

Zochunidwa kale zija, Rock, Pop ndi zinzake, sindizikhulupirira kwenikweni, chifukwa amene anazikonza sankadziwa mahedifoni amene muli nawo. Rock imakweza mbali ziwiri zakumapeto n'kusiya pakati pali pansi. Muike nyimbo ya kwaya pamenepo, mawu a oyimba amathawira kumbuyo, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa kukoma kwa kwaya kuli pa mawuwo.

Pali zina zimene equalizer singakuchitireni. Kasipika ka foni n'kakang'ono kwambiri moti sikangatulutse 60 Hz, mungakoke bwanji kamzereko. MP3 ya 128 kbps (nambala imeneyi ikakhala yaing'ono, ndiye kuti nyimboyo inapanikizidwa kwambiri), ngati zambiri zimene timaikitsa m'memori khadi pamsika, nthawi zambiri imakhala itadulidwa kale mawu opitirira 16,000 Hz, choncho kukweza kumanja sikungabweze zimene mulibemo. Pezani ya 256 kapena 320 kbps ngati ilipo.

Mukabweza zonse pa Flat, voliyumu ili pakatikati, n'kuyesa nyimbo zingapo zosiyana, koma kusasako kukumvekabe, bwerekani mahedifoni a mnzanu muyesere pa foni yomweyo. Akamveka bwino, ndiye kuti anuwo ndi amene atha, mukhoza kukagula ena.