Yankho la malume pa mtsikana wa m'nkhani uja

Eeh moni nonse pa gulu pano, achemwali mwaswera bwanji kumeneko. Ndikufuna ndimuyankhe mphwangayu funso lake la dzulo lija, pepa iwe ndinachedwa foni inalibe moto. Unafunsa kuti malume kodi wolemba buku ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu khalidwe kapena kungowasangalatsa, poti anzako akuti mtsikana wa m'nkhani yako uja ngwabwino mopyola muyeso mpaka akutopetsa. Chabwino. Masamba unanditumizira aja ndawerenga, nde usakwiye, anzakowo sakunama.

Ndikuuze za Chinua Achebe wa ku Nigeria uja, poti buku lake la Things Fall Apart unawerenga. Bukulo linatuluka 1958 iye ali ndi zaka 27 basi, mnyamata, akugwira ntchito ku wailesi ku Lagos. Nde mu 1965 analemba nkhani ina yomwe ananenamo poyera kuti kwa iye wolemba mabuku ndi mphunzitsi, amafuna anthu akwawo adziwe kuti makolo awo sanali mu mdima kudikira azungu kuti adzawadzutse ayi. Ndiye funso lakolo iye anayankha kale, eya kuphunzitsa kulipo. Koma taona m'mene anaphunzitsira.

Akanafuna akanatenga munthu wolungama, mfumu yanzeru yosalakwa, kuti azungu aone kuti kuno kunali anthu abwino. Koma anatipatsa Okonkwo. Munthu womenya mkazi pa sabata ya mtendere, sabata yoti mudzi onse ukudziwa kuti olo kukalipa sikuloledwa. Ndipo nkhanza zakezo zili ndi muzu, bambo ake a Unoka anali munthu wa chitoliro ndi uchema, ngongole mbwee, anafa opanda ulemu uliwonse, nde mwanayo moyo wake onse akuthawa chithunzi cha bambo ake. Kuseka sangaseke, kunena kuti mwanangu ndimakukonda sanganene, kuopa kuti anthu ati wafanana ndi Unoka. Anthu amati ndi mwamuna wolimba mtima koma chomwe chikumuyendetsa ndi mantha basi.

Pa Ikemefuna paja ine mpaka lero ndikafikapo ndimayamba ndatseka buku kaye. Mwana wa kumudzi wina ameneyu wakhala pakhomo pa Okonkwo zaka 3, akumuitana kuti bambo, nde atagamula zoti mwanayo aphedwe mkulu wina wa m'mudzi anachita kubwera kudzamuchenjeza kuti iwe usaikepo dzanja lako. Koma anapita nawo, mwana atathawira kwa iye anamutema ndi chikwanje yekha kuopa kuoneka wofooka. Nde kenako masiku awiri osadya, akungomwa uchema, tulo osabwera. Wolemba sanaime apo nkuyamba ulaliki woti ana inu mantha ndi oipa, ayi, anangotionetsa munthu akulephera kudya. Komanso munthu yemweyo, usiku uja mwana wake Ezinma atatengedwa kupita kuphanga, anadzuka ndi chikwanje chake nkulondola mwakachetechete. Ukufuna umude koma sukutha, ukufuna umukonde sukuthanso, umangoti koma munthu uyu ndimamudziwa, kwathu aliko. Sinditchula maina pa gulu pano hahaha achemwali musandiyang'ane choncho.

Tsono mtsikana wako uja. Amadzuka 4 koloko, amasesa, amapemphera, mayi omupeza akamutukwana amangoti zikomo amayi. Masamba 12 onse sanakwiyepo olo kamodzi, sanasirire kanthu, sananame. Iwe unayamba wamuonapo munthu wotero? Ine zaka zanga zonsezi sindinakumane naye. Ndikufunse, amaopa chani mtsikanayo? Chimene sangafune kuti munthu wina aliyense adziwe ndi chani? Mwina kufatsa konseko nkuopa kuti akayankha amuthamangitsa alibe kolowera, ndiye mkatimu akuwira. Ukandionetsa zimenezo, olo kamodzi kokha akutsuka mbale nkuiswa dala, ine ndikhala tsonga kuwerenga.

Za mmene wolemba mwiniwake akhalire, aaa pamenepo ine Achebe ndimamupatsa ulemu chifukwa zomwe amalemba ndi zomwe amachita sizimatalikirana. 1966 anatulutsa buku la andale akatangale lothera poti asilikali alanda boma, ndipo Januwale chaka chomwecho asilikali analandadi boma ku Nigeria, mpaka ena kumuganizira kuti amadziwapo kanthu. Nkhondo ya pachiweniweni ya Biafra itabwera, 1967 mpaka 1970, anaima ndi anthu akwawo, ndipo kuchokera 1966 padapita zaka 21 asanatulutse novelo ina, mpaka 1987. Sanathamangire kuti dzina lisazilale. 1990 ngozi ya galimoto, miyendo osagwiranso ntchito, moyo wake onse wotsala pa njinga ya olumala, koma kuphunzitsa ndi kulemba osasiya ku America konko mpaka kumwalira 2013 ku Boston. Ndipo boma la Nigeria litafuna kumupatsa mendulo ya ulemu 2004 nthawi ya Pulezidenti Obasanjo anakana, ati sangalandire ulemu kwinaku kwawo ku Anambra zinthu zikuonongeka boma likungoyang'ana. 2011 anayesanso, anakananso. Enafe akanangoti bwerani ku Abuja tikanasita suti usiku omwewo.

Ponena za masamba, chonde sunga kope ina. Achebe uja buku lake loyambalo analemba pamanja, kope imodzi yokha, nkutumiza pa positi ku London kuti akalitayipe, kumeneko linangokhala miyezi osakhudzidwa mpaka bwana wake wa ku wailesi anachita kukawakalipira. Likanasowa bwenzi Okonkwo tisakumudziwa. Nde iwe zako zili mu foni yokhayo yosweka sikirini ija eti.

Basi kalembenso tsamba 5 lija, pamene mayi omupeza akumulanda ndalama ya fizi, usandiuze kuti anawakhululukira, ndionetse manja ake akutani nthawi imeneyo. Unditumizire Loweruka. Achemwali za ufa zija ndikuimbirani madzulo, apa ndatalikitsa kale.