Adaputa yanga ikukana kulankhula ndi Arduino

FUNSO: Achimwene, ndinagula adaputa ya USB yotchipa, ya chip cha CH340G, yoti ndizilowetsera mapulogalamu mu bodi ya Arduino Pro Mini. Ili ndi miyendo ya 5V, 3V3, TXD, RXD ndi GND basi. Ndikadina Upload, kompyuta imadikiradikira kenako n'kulemba kuti "not in sync". Kodi anandigulitsa yakufa? Wophunzira zamagetsi, Zomba.

YANKHO: Musaitaye, mng'ono wanga. Yambani mwaona kuti TXD ya adaputa yapita ku RX ya bodi, ndipo RXD yapita ku TX. Ngati pamenepo pali bwino, chikusowa ndi DTR, mwendo umene adaputa imachitira reset bodi.

Bodi ikangoyaka, kapulogalamu kotchedwa bootloader kamatchera khutu kwa kanthawi kochepa kwambiri. Kakapanda kumva kanthu, bodi imapitiriza pulogalamu yakale. DTR ndiyo imaidzutsa bodi panthawi yeniyeni imene kompyuta ikuyamba kutumiza. Ena amangodina batani la reset ndi chala mawu oti Uploading akaoneka. Zimatheka, koma n'zotopetsa, ndipo kwa munthu wophunzira sindikondwera nazo.

Nkhani yabwino ndi yakuti DTR ilimo kale mu CH340G, opanga adaputa sanangoitulutsira kunja. Chip chimenechi chili ndi miyendo 16 ndipo DTR ndi mwendo wa 13. Pezani kadontho pakona, pamenepo ndi mwendo woyamba. Woyang'anizana nawo kutsidya ndi wa 16. Werengani chobwerera: 16, 15, 14, 13.

Zulani adaputa pakompyuta. Tengani kawaya kowonda, kamodzi mwa timawaya ta m'chingwe cha USB chakutha, mupake mtovu kunsonga kwake kaye, kenako mukhudzitse pamwendopo ndi soldering iron kwa masekondi awiri kapena atatu. Musachedwetse, chip chimapsa. Yezani ndi multimeter kuti mtovu sunagwirane ndi mwendo wa 12 kapena 14. Mukatero dontheza guluu pawayapo, chifukwa akakokeka amazula mwendo womwe. Nsonga inayo ipite pamene palembedwa DTR pa Pro Mini.

Pro Mini ili kale ndi kapasita panjira imeneyi. Koma tsiku limene mudzagwiritse ATmega328P (chip cha mu Pro Mini) yokhayokha popanda bodi, mudzaike kapasita ya 100nF, yolembedwa 104, pakati pa DTR ndi mwendo wa reset, komanso rezisita ya 10k kuchoka pa reset kupita ku 5V.

Onaninso mtundu wa bodi yanu musanalumikize moto. Ilipo ya 5V ya 16MHz ndi ya 3.3V ya 8MHz, ndipo pa Tools, mu pulogalamu ya Arduino ya pakompyuta, muyenera kusankha yolingana nayo.