Jeti ya amalume ku Senga Bay: kuitalikitsa kukufunika chilolezo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 49 konkuno ku Lilongwe. Amalume awo anawasiyira kaloji kakang'ono kufupi ndi Senga Bay ku Salima, pali jeti yamatabwa yokochezapo maboti, yakalekale yoti yayamba kuwola, ndiye iwo akufuna aitalikitse, athire konkire, adule mabango ali chakumbaliko kuti maboti atatu onyamula alendo azikocheza bwino, komanso ayike thanki ya petulo pompo. Lizi ali nayo, kalata ya a gulupu ali nayonso. Mnzawo wina wawauza kuti poti jetiyo ilipo kale uku ndi kukonza chabe, palibe chifukwa choyendera maofesi. Funso lawo ndi lakuti, zoona zimenezi?

Achimwene, mnzanuyo mumugulire Fanta koma malangizo akewo musatenge. Kusintha thabwa lowola ndi thabwa lina, eya, kumeneko ndi kukonza. Koma mukangoti tiwonjezere mamita, tithire simenti m'madzi, tichotse mabango, ndiye kuti mwayamba ntchito yatsopano basi, ngakhale dzina la jeti likhale lomwelo. Ndipo lizi yanuyo ndi ya mtunda. Madziwo, malinga ndi lamulo la zamadzi la 2013, ali m'manja mwa boma ndipo amene amawayang'anira ndi a National Water Resources Authority, a NWRA aja. Kalata ya amfumu ndi yofunika, musaitaye, koma imangonena kuti m'mudzi akukudziwani, siinena zakuti mutha kukumba pansi pa nyanja.

Poyambira penipeni ndi ku MEPA, bungwe loona za chilengedwe lomwe linabwera ndi lamulo la Environment Management Act la 2017, ndipo mwayi wanu ndi woti muli mu Lilongwe momwemo, simukufunika kukwera basi. Mumawalembera kaye chikalata chachifupi chofotokoza ntchitoyo, chomwe amachitcha project brief: malo ake ndi ati, jetiyo ikhala yaitali bwanji, mumanga ndi chani, mafuta ndi zonyansa za m'maboti zizipita kuti. Iwo akawerenga ndi amene amanena ngati mukufunika kafukufuku wamkulu woona mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, wotchedwa ESIA, kapena pulani chabe yosamalira malowo. Kukakhala ESIA ndiye mulemba katswiri ndi ndalama zanu, ndipo pamakhala misonkhano yomva maganizo a anthu a m'deralo. Apa ndi pamene ambiri amagwera, amafika ku ofesi simenti atagula kale, kontilakita atamupatsa kale dipoziti, ndiye akauzidwa kuti dikirani amayamba kunena kuti boma likudana ndi chitukuko.

Tsono za mabangowo, pepani nditalikitsapo pang'ono chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwa munthu wa mtauni mabango ndi tchire, muli udzudzu ndi njoka, akubisa mchenga woti alendo azijambulitsirapo. Koma tsiku lina mudzadzuke mbandakucha, mulowe m'madzi ofika m'mawondo pafupi ndi mabangowo, muime phee osagwedezeka. Muona tinsomba ting'onoting'ono tambirimbiri tikuzungulira miyendo yanu, tina mpaka kukujomphani. Tina mwa timeneto ndi kasawala, ana a chambo. Chambo chimakumba chisa mumchenga, chachikazi chimasunga mazira ndi ana mkamwa, kenaka chimakawalavula kosaya komwe kuli mabango kuti abisale kufikira atakula. N'chifukwa chake a zausodzi amatseka nyanja kwa makoka mu Novembala ndi Disembala. Ndiye inu mukadula mabangowo mwaphwanya chikuta cha chambo, chomwechija timadandaula mtengo wake ku msika wa Lizulu kuti chafika pogula mabwana okha. Mabango omwewo ndi amene amagwira matope ochokera kumtunda nthawi ya dzinja, komanso kuchepetsa mphamvu ya mafunde. Pitani mukaone dambo la Mpatsanjoka lomwe lili chapafupi pomwepo, mbalame zake zokha alendo ena amazilipirira ulendo.

Senga Bay payokha siili m'gulu la madambo otetezedwa ndi pangano la Ramsar, athu m'gulu limenelo ndi nyanja ya Chilwa ndi Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire, yomwe inalowa mu 2017. Koma musasangalale msanga. Zilumba za Maleri zomwe mukufuna muzipititsako alendo zili mu Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna, kutanthauza kuti a zanyama zakutchire nawonso muonana nawo. Boti lonyamula anthu liyenera kulembetsedwa ku Marine Department, pulani yomangira ipite ku khonsolo ya Salima, kusunga petulo wambiri ndi nkhani ya MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi. Maofesi ndi ambiri, ndikuvomera, ndipo ena mukafika amakuuzani kuti bwana apita ku wekishopu mubwere Lachinayi, koma ndi mmene ziliri.

Za konkire ndiye ine ndikukana ngakhale atakulolezani. Msuweni wanga anachita zomwezi ku gombe lina, sinditchula malo, anamanga chikhoma chakonkire cholowa m'nyanja mwamphamvu zedi, tsiku lotsegulira tinadya mbuzi. Sanadziwe kuti mwera ukamaomba miyezi yozizira ija mchenga umayenda motsata gombe. Patapita zaka zochepa mbali imodzi mchenga unaunjikana mpaka boti kumakhula pansi, mbali inayo madzi anayamba kudya malo a neba, mpaka nkhani inakafika kubwalo la amfumu. Kuseri kwa khomalo madzi anangoima ngati thamanda, ndipo madzi oima otere nkhono za likodzo zimawakonda. Kenaka 2024 inafika, nyanja inakwera kupitirira mamita 476 poyezera pa mulingo wa nyanja yamchere, maloji ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota analowa madzi, ndipo jeti ya msuweni wangayo inamira yonse, alendo ankangoona nsonga ya chitsulo chomangirira boti chili tumphu pamwamba. Eni maloji ankafuula kuti atsegule zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, koma madzi amenewo akatsegulidwa mopyola amakasefukira kwa anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndiye palibe amene angasinthe mulingo wa nyanja chifukwa cha jeti yanu. Jeti yamizati, yoti madzi ndi mchenga zizidutsa pansi, kapena yoyandama pa migolo yoti izikwera ndi kutsika limodzi ndi nyanja, ndi yotchipa komanso kuifotokoza ku MEPA sikuvuta kwambiri. Ndipo itha kudutsa pamwamba pa kampata kakang'ono pakati pa mabango osawadula onse.

China chomwe simunachitchule mu imelo yanu ndi asodzi. Kodi pamalopo pali doko lomwe anthu amakokerapo mabwato, amayi kuchapirapo, ana kusambirapo? Ngati lilipo, kaonaneni ndi a Beach Village Committee, komiti yoona za usodzi pagombepo, musanalembe ngakhale tsamba limodzi, mukhale nawo pansi pa mtengo muwaonetse pomwe jetiyo idutse. Akadzamva koyamba pa msonkhano wa katswiri wanu uja, atakhala kumbuyo manja ali m'khwapa, mudzavutika, komanso mlonda wausiku woyang'anira mainjini anuwo mudzamupeza m'mudzi momwemo.

Thanki ya petuloyo ikani kumtunda kutali ndi madzi, mafuta muzinyamula m'zigubu pothira m'boti, maboti atatu si Ilala. Mukapita kumeneko wikendi ino munditumizire zithunzi za mabangowo ndi mzere womwe madzi a 2024 anasiya pakhoma la loji, muyeze ndi tepi kuti uli pamtunda bwanji kuchokera pomwe madzi ali lero, chifukwa katswiri aliyense wanzeru adzayambira kufunsa pamenepo.