Funsani a Makaniko: bambo anga ndi aatali, akwana kumbuyo kwa Aqua?

FUNSO

A Makaniko, ine ndine mayi wa kuno ku Ntcheu, ndimagwira ntchito pa boma pompano ndipo ndakhala ndikusunga kandalama kuti ndiitanitse kagalimoto ka hybrid, koyendera mafuta ndi magetsi a batire, ku Japan poti mafuta ndiye akutipweteka. Nkhawa yanga ndi anthu amene ndizinyamula. Bambo anga ndi aatali zedi, mamita 1.88, mawondo amawavuta ndipo mwezi ndi mwezi ndimapita nawo kuchipatala ku Lilongwe. Mwana wanga woyamba naye watengera agogo akewo, ali Fomu 3 koma anandipitirira kalekale, amuna anganso si aafupi. Anzanga akuti gula Aqua basi siimwa mafuta, ena akuti Fit, wina akuti Note, pazithunzi zonse zikuoneka bho mkati. Ndigule iti kuti okhala kumbuyo asamafike atapindika?

Mayi wa pa Ntcheu boma

YANKHO

Mayi mwachita bwino kufunsa musanatumize ndalama, ambiri funso ili amabwera nalo galimoto itadutsa kale pa Songwe, msonkho walipidwa, ndiye pamenepo palibenso chobweza. Zithunzi za anthu ogulitsa musazikhulupirire pa nkhani ya malo, amakankhira mipando yakutsogolo kutsogolo kwenikweni kenako n'kujambula, kumbuyo kumaoneka ngati mungayalemo mphasa.

Munthu wamtali kumbuyo amavutika pawiri, kumutu ndi kumawondo, ndipo galimoto itha kumukomera kwina n'kumupana kwina. Anthu aatalinso amasiyana, wina utali wake uli m'miyendo, wina uli kumsana moti akakhala pansi mutu ndi umene umayamba kugunda denga. Ndiye muwaone kaye bambowo atakhala pampando kunyumba, muone kuti utali wawo uli pati.

Aqua yomwe yadzaza m'misewu yathuyi ndi ija inayamba kutuluka mu December 2011, ya injini ya malita 1.5. Zoti siimwa mafuta n'zoona, sindikutsutsa, koma chimodzi mwa zifukwa zake ndi chakuti a Toyota anaipanga yaifupi kuti isamalimbane ndi mphepo, kuchoka pansi kufika padenga ndi mamilimita 1,445 okha ndipo dengalo limapita likutsika chakumbuyo, pamutu penipeni pa okhala kumbuyowo. Ndiye pansi pa mpando wakumbuyo anaikapo batire la hybrid komanso thanki ya mafuta, mpando ulibe kotsikira. Mkati mwake kuchoka pansi kufika kudenga a Toyota amalemba mamilimita 1,175. Honda Fit hybrid ya 2013 kupita mtsogolo, imene amaitchula kuti GP5, mkati mwake ndi 1,280. Kusiyana kwake kukupitirira masentimita 10, papepala zikuoneka zochepa koma kwa munthu wa 1.88 ndi pamene pamasiyana kukhala mowongoka ndi kuyenda makilomita pafupifupi 160 khosi litapendekeka, hampu iliyonse ya pa Lizulu kapena pa Chimbiya mutu ukugogoda denga.

Fit imapeza malo amenewa chifukwa a Honda thanki anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, batire lili pansi pa buti, ndiye kumbuyo kunatsala kopanda zopinga, denga nalo ndi lalitali, 1,525, ndipo silithamangira kutsika. Chitseko chakenso munthu wamkulu amalowa osawerama kwambiri, zimene kwa bambo a mawondo opweteka ndi nkhani yaikulu, nthawi zambiri polowa ndi potuluka ndi pamene amamva ululu kuposa ali chikhalire. Chenjezo langa pa Fit ndi giyabokosi. Ndi ya magiya 7 ya makilatchi awiri, za 2013 ndi 2014 a Honda anaziitanitsa kangapo kuti akakonze, komanso siikonda kukwawa pang'onopang'ono pachitunda italemedwa, imatentha, ngati mumatsika ndi kukwera Khwekhwelere pafupipafupi muziganizire zimenezo. Ngati thumba likulola sakani ya zaka zakutsogoloko ndipo ikafika ionedwe ndi makaniko woidziwa.

Nissan Note e-Power inatuluka mu November 2016, iyi ndiye mfumu ya mawondo. Kuchoka pa teyala lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi mamilimita 2,600, pomwe Aqua ndi 2,550, Fit ndi 2,530, ndipo malo ambiri anawapereka kwa okhala kumbuyo, munthu wamtali amakhala mawondo osakhudza mpando wakutsogolo. Kumutu ili pakatikati, 1,255, yaiposa Aqua koma siifika pa Fit. Imayenda ndi mota ya magetsi, injini yake ya 1.2 ntchito yake ndi kupanga magetsiwo basi. Koma sipeyala ndi amakaniko oidziwa bwino si ochuluka ngati a Toyota, ndipo ndi yotsika pamimba, mukadzazamo akuluakulu anayi ndi thumba la kachewere la pa Lizulu izikhula pansi mumsewu wafumbi wopita kumudzi. Vuto la kutsikali zonse zitatu zili nalo, musaganize kuti Aqua kapena Fit ndiye zapulumuka.

Ndiye mukandifunsa ine, pa banja lanuli Fit ikhale patsogolo, Note ibwere kachiwiri kapena poyamba kumene ngati utali wa bambo uli m'miyendo, Aqua ikhale kumapeto. Pali Aqua yatsopano ya 2021 imene kuchoka pa teyala lakutsogolo kufika lakumbuyo anaitalikitsa kufika 2,600, kumbuyo kwake kuli bwinoko, koma mtengo ndi msonkho wake ndi nkhani ina.

Musanalipire chitani ichi chonde. Galimoto zonsezi zilipo pa Ntcheu pompo, anzanu akuntchito ali nazo, ena akuyendetsa ngati matakisi, pemphani mphindi zochepa mutenge bambo ndi mwana wanu wamtaliyo. Amene aziyendetsa akhale kaye kutsogolo akonze mpando mmene amayendetsera, kenako wamtaliyo akhale kumbuyo kwake, matako afike kumapeto kwa mpando, msana uwongoke, asatsetsereke kuti akukondweretseni. Mulowetse dzanja pakati pa mutu ndi denga, zala zitatu zikalephera kulowa mopingasa ndiye kuti pa hampu agunda. Pamawondo palowe chibakera. Muonenso ngati nsapato zikulowa pansi pa mpando wakutsogolo, ndi chotsamira mutu ngati chikukwera kufika kunkhongo osati kuthera m'khosi, chimenechi ndi chimene chimateteza khosi wina akakugundani kumbuyo. Ndipo pa ulendo wa kuchipatala bambo akhale kutsogolo mpando ataukankhira kumbuyo, wamfupi pa nonsenu ndi amene akhale kumbuyo kwawoko.

FUNSO

Akulu, ine Aqua ndinagula kale ndimanyamula anthu pakati pa Dedza boma ndi Linthipe. Makasitomala aatali amadandaula denga. Wina wosoka mipando wandiuza kuti atha kusenga siponji ya mpando wakumbuyo kuti utsike pang'ono. Ndipange?

Dalaivala wa ku Dedza

YANKHO

Achimwene ayi, musayerekeze. Pansi pa siponji imeneyo pali batire la mavoti 144 ndi mawaya ake a olenji onyamula magetsi amphamvu, si malo oti munthu azifikapo ndi mpeni. Mukasenga mupeza masentimita awiri kapena atatu, koma kasitomala azikhalira chitsulo, lamba sazigwiranso bwino m'chiuno, ndipo tsiku la ngozi munthu atha kutsetsereka pansi pa lambayo.

Chimene ndikufuna muyang'ane lero lomwe ndi kazenera ka mphepo kali m'munsi mwa mpando wakumbuyo mbali ya kumanzere. Pamenepo ndi pamene fani imakokera mphepo yoziziritsa batire, ndipo munthu wamtali akasowa koika miyendo amabweza zidendene kumbuyo n'kutsekapo, ena amaikapo jumbo ya kabichi, chitenje chimagwerapo, fumbi la m'chilimwe nalo limadzaza. Batire likamatentha tsiku ndi tsiku limafooka msanga, galimoto imayamba kumwa mafuta, injini siizimanso pamene inkazima, kenako chizindikiro chayaka padeshibodi ndipo mtengo wa batire lina ukudya phindu la miyezi yambiri. Muzipukuta kazenerako ndipo fani ikatsukidwe pa sevisi. Zigubu zamadzi ndi nsomba zodontha zisamakhale pampando umenewo.

Za aataliwo, wamtali kwambiri mpatseni kutsogolo ngakhale atabwera mochedwa, mungowapempha bwinobwino amene anakhalapo kale. Akakhala awiri, winayo akhale kumbuyo kwa mpando wa pasenja, muusunthire mpandowo kutsogolo kamodzi kapena kawiri ndi kuuwongola msana, mawondo apezako popumira. Pakati musamuike, mpando wapakati ndi wokwera komanso wolimba, mutu ndiye ufika kudenga msanga. Ndipo kumbuyo kwa Aqua malamba ndi atatu, anthu anayi aja mumapanikiza m'mawa wa tsiku la msika sakwana, kaya ndi aatali kaya aafupi.