Mwana wanga akufuna kupita ku Mozambique ndi a mpingo mu Januwale, ndimulole?

Mayi ena a ku Bangula andilembera pa imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 19, woimba kwaya, wasankhidwa m'gulu la achinyamata a mpingo opita ku Mozambique kukafalitsa uthenga kwa masabata awiri mu Januwale. Adzakwera lole, adzadutsa pa Marka, kukagona ku Mutarara, kenako kuwoloka Zambezi kukachititsa zitsitsimutso m'midzi ya kutsidya. Mayiwa akhala akumva pa wailesi za zigawenga zodula anthu mitu m'dzikomo, ndipo tulo tawathawa. Atafunsa mtsogoleri wa achinyamata, anawayankha kuti mantha sachokera kwa Mulungu. Ndiye akundifunsa kuti: "Ndimulole, kapena ndikamuletsa ndikhala ndikutsekereza ntchito ya Ambuye?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya mwana wanu. Ndiyambe ndi zigawengazo, poti ndi zomwe zakukhalani pamtima.

Zomwe mwamvazo si mphekesera. Nkhondo ya ku Cabo Delgado idayamba mu Okutobala 2017 pamene zigawenga zidaukira tawuni ya Mocímboa da Praia, ndipo mpaka pano sinathe, ngakhale asilikali a ku Rwanda adapitako mu 2021. Anthu a mpingo nawonso afa. Mu Sepitembala 2022 zigawengazo zidafika pa mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula, n'kupha sisitere wa ku Italy, Maria De Coppi, mayi wachikulire yemwe adakhala ku Mozambique pafupifupi zaka 60. Koma Cabo Delgado ali kumpoto kwenikweni, kumalire ndi Tanzania. Kuchoka ku Mutarara kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 1,000 pamsewu. Gululi likadati likupita ku Cabo Delgado kapena kumpoto kwa Nampula, ndikadakuyankhani ndi mawu amodzi oti asapite, ndipo sindikadawonjezerapo kanthu. Magulu a masabata awiri olowa dala m'malo ankhondo tidaona kale mathero ake: mu Julayi 2007 anthu 23 a mpingo wina wa ku South Korea adagwidwa ndi a Taliban pa basi ku Afghanistan, ndipo awiri adaphedwa, mmodzi ali m'busa wotsogolera gululo. Ku Haiti nako, mu Okutobala 2021, anthu 17 a bungwe la amishonale la Christian Aid Ministries, kuphatikizapo ana, adabedwa akuchokera kokacheza kumalo osungira ana amasiye.

Mutarara si Afghanistan. Ndi kwa abale athu. Amalankhula Chisena ngati cha ku Nsanje, timakwatirana nawo, ndipo pankhondo yawo yomwe idatha mu 1992 ambiri adakhala nafe kuno kwa zaka. Chomwe chandiimitsa mutu m'kalata yanu si dzina la dzikolo ayi. Ndi mawu awiri omwe mwawalemba mongodutsa: Januwale, ndi lole.

Anthu a kuchigwa kuno tili ndi manda omwe amayenera kutiphunzitsa za Januwale. Pafupi ndi Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire, ndi pomwe adaikidwa Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri woyamba wa mishoni ya mpingo wa Anglican yotchedwa UMCA, yomwe idakhazikika ku Magomero mu 1861. Munthu uyu sadaphedwe ndi mkondo kapena mfuti. Adanyamuka ulendo waufupi, wokakumana ndi sitima ya David Livingstone pa mathiriro a Ruo, pomwe ankayembekeza kulandira mlongo wake. Nthawi idali ya dzinja, mitsinje itadzaza. Iye ndi mnzake Henry Burrup adatsika Shire pa bwato, bwatolo lidagubuduka usiku, ndipo mankhwala awo onse, kuphatikizapo kwinini, adapita ndi madzi. Atafika adapeza sitima itadutsa kale. M'malo mobwerera kukatenga mankhwala ena, adakhala pachilumba kudikira. Malungo adamugwira, ndipo adamwalira pa 31 Januwale 1862 ali ndi zaka 36 zokha. Burrup adamuika m'manda komweko, kenako iyeyo anthu adachita kumunyamula kubwerera naye ku Magomero, koma naye adamwalira mu Febuluwale. Palibe angakayike chikhulupiriro cha anthu amenewa, adasiya kwawo chifukwa cha uthenga. Chidawapha ndi mwezi womwe adayendamo, bwato la usiku, ndi kusowa mankhwala pamalo pomwe panalibe wowathandiza. Zaka zoposa 160 zadutsa, koma Shire ndi Zambezi akadali omwewo.

Inuyo a ku Bangula sindingakuphunzitseni za madzi. Mudaona Januwale wa 2015. Mudaona namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene msewu wa M1 udaduka ku Chikwawa ndipo ku Tete mlatho wa pa mtsinje wa Revuboe udagumuka. Idai adagwetsa Beira mu Malichi 2019, Freddy adatiphera anthu oposa 1,000 mu Malichi 2023. Madzi onse omwe amatisautsa kunowa amatsikira komwe anawo akupita. Mutarara ali pakati pa Zambezi ndi Shire, ndipo misewu yambiri ya m'midzi ya kumeneko ndi yadothi. Mvula ya masiku atatu ndi yokwanira kutsekera gulu lonse kutsidya, ufa utatha, ndalama zitatha, foni zitazima. Ndikudziwa chifukwa chomwe mipingo imakondera nthawi imeneyi: imayandikana ndi tchuthi cha Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano. Koma tchuthi china chachitali chimagwa m'chilimwe, misewu itauma. Chifukwa chiyani osadikira chimenecho?

Za lole ndinena mosabisa. Bungwe la WHO limati ngozi zapamsewu ndi zomwe zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29 padziko lonse. Ife tidazolowera kuona kwaya yonse ili kumbuyo kwa lole, ena atakhala pa matumba a ufa, ena pa zokuzira mawu, jenereta ndi zigubu za petulo zili pomwepo, nyimbo ili pakamwa. Zimasangalatsa kuona, koma lole ikaterereka pa matope palibe chogwira munthu. Funsani kuti dalaivala ndi ndani, ngati njirayo adayendamo kale, ngati galimotoyo ili ndi mapepala ndi inshulansi yolowera m'dziko lina, komanso ngati agwirizana kuti dzuwa likalowa ulendo uziima. Funsaninso kuti Zambezi adzawoloka bwanji. Mlatho wa Dona Ana, wautali makilomita oposa atatu pakati pa Mutarara ndi Sena, ndi wa njanji. Ngati yankho lili loti "tikaona komweko", dziwani kuti mathero ake ndi bwato lodzaza anthu, pamtsinje wa ng'ona ndi mvuu, m'nyengo yomwe madzi amathamanga kwambiri.

Tsopano funso lomwe ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse: wawaitana ndani? Ulendo wa mpingo umakhala wotetezeka kapena woopsa malinga ndi munthu wokawalandira. Pakhale m'busa wa komweko, wodziwika dzina ndi mpingo wake, yemwe inuyo mungathe kumuimbira foni lero n'kulankhula naye Chisena. Iyeyo ndiye akadziwitse anyakwawa ndi akuluakulu a boma a m'deralo kuti kukubwera alendo angati, adzagona kuti, adzachoka liti. Musaione ngati nkhani yamwambo chabe. Kumbukirani za anamapopa mu 2017: ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma oyandikana nawo anthu osalakwa adaphedwa chifukwa chongokhala achilendo m'mudzi, mpaka bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'madera ena. Ku Mozambique nako, m'zigawo za Zambezia ndi Nampula, antchito a zaumoyo akhala akuchitidwa chipongwe pa nthawi ya kolera chifukwa cha mphekesera yoti mankhwala othira m'madzi ndiwo akufalitsa matendawo. Gulu la achinyamata achilendo, lofika madzulo ndi zigubu ndi makina, popanda mwini mudzi wolilankhulira, likhoza kugwa m'mavuto lisanatsegule n'komwe Baibulo. Ndipo mtendere wa kutsidya umasintha msanga. Zisankho zawo za mu Okutobala 2024 zitatha, zipolowe zidakula mpaka mu Disembala anthu zikwizikwi, ambiri a ku Morrumbala, adawoloka Shire kuthawira kuno ku Nsanje. Wokhala komweko ndi yekhayo angakuuzeni kuti sabata ino musabwere.

Mapepala asawachepetse. Ife a m'malire tidazolowera kudutsa njira zachidule popita kumaliro kapena kumsika, ndiye timaganiza kuti kulikonse ndi choncho. Gulu lolowa mkati mwa dziko, lochititsa misonkhano ya pabwalo, ndi nkhani ina. Aliyense adutse pachipata, chiphaso chake chidindidwe, ndipo atsogoleri afunsiretu ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka pa Marka kuti border pass imalola kufika pati ndi masiku angati, asanaganize kuti ikwanira m'malo mwa pasipoti. Akhale ndi kalata ya mpingo wowatuma ndi ya mpingo wowaitana, yachiwiriyo ili m'Chipwitikizi, chifukwa wapolisi wa pamsewu sawerenga Chichewa. Akuluakulu a chitetezo kumeneko amakayikira msanga chifukwa cha nkhondo ya ku Cabo Delgado ija. Mu Novembala 2022 woyendetsa ndege wa bungwe la Mission Aviation Fellowship, Ryan Koher wa ku America, adamangidwa ku Inhambane akukonzekera kunyamula katundu wa ana amasiye a ku Cabo Delgado, ndipo adakhala m'ndende miyezi inayi. Ameneyo adali ndi bungwe lalikulu ndi kazembe wa dziko lake pambuyo. Mwana wa ku Bangula wopanda chidindo angamulankhulire ndani? Nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tete ikhale m'thumba mwa mtsogoleri. Chiphaso cha mwana wanu asunge yekha. Amayi athu omwe adavutika ku Oman, mavuto awo ambiri adayamba tsiku lomwe pasipoti idachoka m'manja mwawo.

Za matenda sindichulukitsa, mukuzidziwa. Kolera yomwe idayamba mu Malichi 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo msonkhano wa anthu ambiri, chitsime chimodzi, chimbudzi chimodzi, m'dzinja, ndi malo ake enieni. Atenge neti yake, WaterGuard, sopo ndi mapaketi a Thanzi ORS. M'gulumo mukhale namwino kapena wazaumoyo wonyamula zoyezera malungo ndi mankhwala a malungo a LA, atazikulunga m'pulasitiki, ndipo adziwiretu chipatala chapafupi ndi mudzi uliwonse womwe akagone. Ngati mwana wanu amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, atenge opitirira masiku a ulendowo.

Pali china chomwe makolo timachita nacho manyazi kufunsa ku tchalitchi, ndipo mbewa ya manyazi idafera kuuna. Atsikana adzagona kuti, ndipo ndi amayi ati akuluakulu omwe adzagone nawo? Osati mkazi mmodzi wa mtsogoleri yemwe adzakhale ali kotanganidwa ndi miphika, koma amayi awiri kapena atatu omwe inu mumawadziwa ndipo mwana wanu angawauze chilichonse. Pasakhale zoti mtsikana aziitanidwa yekha usiku kukapemphereredwa, kaya woitanayo ndi ndani. Mwana akakhala kutali ndi kwawo, alibe ndalama yake, sadziwa njira yobwerera, zimamuvuta kukana munthu amene aliyense akumutcha munthu wa Mulungu. Mumupatse ndalama yakeyake ya ma meticais yokwanira kufika pa Marka, aisunge pomwe akudziwa yekha, ndipo manambala a foni awalembe papepala.

Mawu a mtsogoleri uja, oti mantha sachokera kwa Mulungu, andipweteka. Mwina adanena ndi mtima wabwino, koma adakulakwirani. Inu simudapite kwa iye ndi mantha okha, mudapita ndi funso, ndipo kholo lopereka mwana lili ndi ufulu woyankhidwa. Nehemiya, popita kukamanga Yerusalemu, adapempha mfumu makalata oti akaonetse kwa abwanamkubwa a m'njira. Paulo, pa Machitidwe 27, adachenjeza eni ngalawa kuti nyengo yoyenda panyanja yatha, iwo sadamvere, ndipo ngalawa idasweka. Amene adawerenga nyengo pa ulendo umenewo adali mtumwi. Choncho musalole kuti wina akuchititseni kudziona ngati wachikhulupiriro chochepa chifukwa mwafunsa za mvula ndi matayala.

Sindikufuna kuti mwana wanu akhale womangika pakhomo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mipingo ya kutsidya ndi ya kuno imafunana. Achinyamata ambiri amabwerako ku maulendo otere atakhwima, ataona abale akupemphera pansi pa mtengo ndi chimwemwe. Ndimafuna maulendowa apitirire, ndipo n'chifukwa chake ndimakwiya akamakonzedwa mwachisawawa, chifukwa maliro amodzi amatseka njira kwa zaka.

Yankho langa ndi ili, Mayi. Ulendo wa mu Januwale, pa lole, wopanda dzina la wowalandira, ine sindingamulole mwana wanga. Koma musangomuletsa mwakachetechete n'kusiya ana a anzanu akwere. Pitani kwa abusa ndi akulu a mpingo, osati kwa mtsogoleri wa achinyamata yekha, ndipo mutengane ndi makolo ena awiri kapena atatu kuti isaoneke ngati nkhani ya banja limodzi. Pemphani kuti ulendowu usunthidwe ufike mu Julayi kapena Ogasiti, kutentha kwa Okutobala kusanayambe, kuti akuluakulu awiri atsogole kukaona njira ndi malo ogona, ndiponso kuti m'thumba la ulendo mupatulidwe ndalama yobwezera wodwala kunyumba yomwe siidzakhudzidwa pa china chilichonse. Mwana wanu ndi wamkulu, zaka 19 si zomubisira zinthu. Khalani naye pansi, muwerengereni kalata ino, ndipo mumupemphe kuti ku msonkhano wa akulu a mpingowo mupite naye, mafunso ena akafunse yekha.